Tsabola sayambitsa zilonda za m'mimba

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva nkhani imodzimodzi, m'minibasi ngakhale pamaliro: akuti zilonda za m'mimba zimayamba ndi tsabola, nkhawa kapena kuchedwa kudya, ndipo mankhwala ake ndi mkaka. Zandikwana.

Madokotala nawonso ankaganiza choncho, mpaka mu 1982 pamene ofufuza ku Australia anapeza bakiteriya wotchedwa Helicobacter pylori m'mimba mwa odwala. Kafukufuku wotsatira anatsimikiza kuti zilonda zambiri amayambitsa ndi iyeyu. Zina zimabwera ndi mankhwala opha ululu monga aspirin, ibuprofen ndi diclofenac, omwe ambirife timangomwa osafunsa. Tsabola amangowawitsa chilonda chimene chilipo kale. Mkaka umaziziritsa kwa kanthawi, kenako mimba imatulutsanso asidi. Bakiteriyayu amafa ndi maantibayotiki ophatikiza ndi omeprazole, mankhwala ochepetsa asidi m'mimba, kawirikawiri kwa masiku 10 mpaka 14.

Uthenga wa zaumoyo ukafika pafoni, musafulumire kuutumiza kwa ena. Funsani kaye: mankhwala amene uthengawo ukunena anawayesa pa odwala angati? Anayerekezera ndi gulu lomwe silinalandire mankhwalawo? Ngati yankho palibe, kafunseni achipatala, amenenso amatha kuyeza chimbudzi kuti apeze bakiteriyayu. Wosanza magazi kapena wochita chimbudzi chakuda bii apite kuchipatala tsiku lomwelo.