Kusunga Ma VM a Maseva Angapo Pamalo Amodzi

Anthu ambiri amene amaphunzira za maseva (makompyuta otumikira makompyuta ena pa netiweki) kunyumba amayamba ndi kompyuta imodzi. Amaikamo pulogalamu monga Proxmox VE, imene kampani ina ya ku Vienna inayamba kutulutsa mu 2008, kapena XCP-ng, kapena ESXi ya VMware, ndipo m'kati mwa kompyutayo amapangamo makompyuta ena ongoyerekezera, amene timawatcha ma VM. VM iliyonse imakhala ndi disiki yakeyake, koma disikiyo si chitsulo choti mungachigwire m'manja. Ndi fayilo yaikulu, kapena chigawo chodulidwa pa disiki yeniyeni ya sevayo. Zonse zimayenda bwino mpaka tsiku limene mwapeza seva yachiwiri. Tsiku limenelo funso limabwera lokha: ngati ndikufuna kuzimitsa seva yoyamba kuti ndiwonjezeremo RAM, malo amene kompyuta imasungamo zimene ikugwiritsa ntchito pa nthawiyo, kodi ma VM ake angasamukire ku yachiwiriyo osazimitsidwa?

Angathe ndithu. VM ikamasamuka ili pa ntchito, zonse zimene zili mu RAM yake zimakopedwa kudzera pa netiweki, kenako imaimitsidwa kwa kanthawi kochepa kwambiri n'kupitiriza ntchito kumalo atsopano. Vuto ndi disiki. Ngati disiki ya VM ili m'mimba mwa seva yoyamba, nayonso iyenera kukopedwa yonse, ndipo disiki ya magigabayiti 100 pa netiweki wamba ya gigabiti imodzi imatenga mphindi pafupifupi 15. Choipa koposa n'chakuti seva yoyambayo ikangofa mwadzidzidzi, disikiyo imatsekeredwa m'kati mwake, moti seva yachiwiri imangokhala chilili, ilibe choyatsa. N'chifukwa chake timachotsa madisiki a ma VM m'maseva n'kukawaika m'bokosi lachitatu, lotchedwa NAS, limene maseva onse amalipeza pa netiweki. Zikatero chosamuka ndi RAM yokha, ndipo seva imodzi ikagwa, inzake imatha kuyatsa ma VM omwewo chifukwa disiki zawo ikuziona.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimafuna kuti aliyense achimvetse asanagule kanthu. Mukachita zimenezi, chingwe cha netiweki chija chasanduka chingwe cha disiki. VM siidziwa kuti disiki yake ili kutali. Imayembekezera kuti ikalemba kanthu yankho libwera msanga, ndiponso kuti zimene yauzidwa kuti zalembedwa zalembedwadi. Zosankha zonse zotsatira zimachokera pamenepa.

Chosankha choyamba ndi njira yolankhulirana pakati pa maseva ndi NAS. Njira ziwiri zodziwika ndi NFS ndi iSCSI. NFS ndi yakale, inapangidwa ndi kampani ya Sun Microsystems mu 1984, ndipo imagawa foda: NAS imasunga mafayilo, maseva amalowa mu fodayo ngati kuti ndi yawo, ndipo disiki ya VM iliyonse imakhala fayilo imodzi mmenemo. iSCSI, imene malamulo ake anasindikizidwa mu 2004, siigawa foda koma disiki yopanda kanthu, imene seva imaiona ngati yalumikizidwa m'kati mwake. Palinso SMB, imene makompyuta a Windows amagwiritsa ntchito pogawana mafayilo; ndi yabwino posungira mafayilo a ISO, oikira mapulogalamu oyendetsa kompyuta, ndi zina zotero, koma pa maseva a Linux sindiikapo madisiki a ma VM pamene NFS ilipo.

Kwa munthu amene akuyamba, ndimalimbikitsa NFS mosakayika. Chifukwa chake n'chakuti pa NFS mwini wa mafayilo ndi mmodzi yekha, NAS yomweyo, ndipo ndi imene imayendetsa zolemba zonse zochokera ku maseva. Ndiponso mukasunga madisiki mu mtundu wa qcow2, mumatha kujambula mmene VM ilili musanaisinthe n'kudzabwerera pomwepo zinthu zikalakwika. Pa iSCSI pali msampha umene wagwira anthu ambiri. Popeza seva iliyonse imaona disikiyo ngati yakeyake, munthu amaikonza ndi ext4 kapena XFS, madongosolo wamba osungira mafayilo pa Linux, pa seva yoyamba, n'kuitsekulanso pa seva yachiwiri, ndipo kwa maola angapo zonse zimaoneka bwino. Koma ext4 ndi XFS zinapangidwa poganiza kuti wolemba ndi mmodzi. Seva iliyonse imasunga m'mutu mwake mndandanda wa malo opanda kanthu, osadziwa kuti inzake yalembapo kale, ndiye zimalemberana pamwamba mpaka mafayilo kuwonongeka osakonzekanso. Disiki ya iSCSI yogawana imafuna dongosolo lodziwa kuti olemba ndi ambiri, monga VMFS ya VMware, GFS2 kapena OCFS2, kapena igawidwe ndi LVM, chida cha Linux chodulira disiki m'zigawo, m'njira yoti VM iliyonse ikhale ndi chigawo chake chimene seva imodzi yokha imachitsekula pa nthawi imodzi, monga momwe Proxmox imachitira. iSCSI si yoipa ayi, ndipo ili ndi ubwino wake pa kugwiritsa ntchito zingwe zingapo nthawi imodzi, koma imafuna munthu wodziwa chimene akuchita.

Pokonza NFS, gawani fodayo kwa ma adiresi a maseva anu okha, osati kwa netiweki yonse ya m'nyumba, chifukwa NFS yopanda Kerberos, njira yotsimikizira kuti wolowa ndi ndani, imangokhulupirira makina alionse amene adiresi yawo yaloledwa. Dziwaninso kuti NAS mwachizolowezi imachepetsa mphamvu za root (woyang'anira wamkulu wa makina a Linux) wochokera kunja, khalidwe lotchedwa root_squash, pamene seva ya ma VM imalemba monga root. Mukaona fodayo ikutsekuka koma VM ikukana kupangidwa, yambani mwayang'ana pamenepo. Mukasankha NFS 4, zonse zimadutsa pa khomo limodzi la pa netiweki, port 2049, ndipo izi zimapeputsa ntchito yokonza firewall, mlonda wa zolowa ndi zotuluka pa netiweki.

Za liwiro la netiweki, masamu ake ndi osavuta. Gigabiti imodzi pa sekondi ndi mamegabayiti 125, ndipo mukachotsa zofunika pa kayendedwe ka uthenga, otsala ndi pafupifupi 110 kapena kuposerapo pang'ono. SSD wamba ya SATA, disiki yopanda zozungulira m'kati mwake, imafika mamegabayiti 550 pa sekondi. Ndiye kuti ma VM anu onse, a maseva onse, akugawana kanjira kocheperapo kasanu poyerekeza ndi disiki imodzi yotchipa. Komabe musafulumire kutaya mtima. Ma VM ambiri a kunyumba, monga a DNS (yomasulira maina a makina kukhala ma adiresi), a tsamba la intaneti laling'ono kapena oyang'anira zida za m'nyumba, salemba zambiri, ndipo gigabiti imawakwanira. Kanjirako kamachepa pamene mukukopa VM yonse, mukusunga makope, kapena ma VM khumi akuyaka pamodzi. Amene angakwanitse apite pa magigabiti 2.5, amene nthawi zambiri amayenda pa zingwe za Cat5e zomwe zilipo kale, kapena pa 10. Kumanga pamodzi zingwe ziwiri za gigabiti ndi LACP sikupatsa seva imodzi liwiro lowirikiza, chifukwa mtsinje umodzi wa uthenga umadutsa pa chingwe chimodzi basi. Kumathandiza maseva angapo akamalankhula nthawi imodzi, kapena chingwe china chikaduka.

Chofunika kuposa liwiro ndi kupatula. Uthenga wa madisiki ukhale ndi khadi lake la netiweki ndi switch yake (bokosi lolumikizira zingwe za netiweki), kapena VLAN yake, netiweki yopatulidwa pa zingwe zomwezo, ngati khadi ndi limodzi. Ndikunena izi makamaka chifukwa cha Corosync, pulogalamu imene maseva a Proxmox amauzirana nayo kuti adakali moyo. Corosync siifuna njira yotakata, koma siipirira kuchedwa. Njira ikadzaza ndi makope a usiku, seva ikhoza kuganiza kuti anzake afa, ndipo ngati mwayatsa HA, njira yoti ma VM a seva yakufa adziyakira okha pa inzake, seva imene yadzipeza yokha imadzizimitsa n'kuyakanso pofuna kuteteza madisiki. Za mafuremu aakulu, zidutswa za uthenga za mabayiti ambiri, a MTU 9000 m'malo mwa 1500, phindu lake ndi lochepa pa gigabiti, ndipo chida chimodzi chikaiwalidwa panjira mumapeza vuto lozunguza mutu: ping, kauthenga koyesera ngati makina akuyankha, ikuyenda, foda ikutsekuka, koma fayilo yaikulu ikuima pakati. Mukawasankha, yesani ndi ping ya mabayiti 8972 yoletsedwa kudulidwa, kuchokera pa seva iliyonse.

Tsopano pa nkhani imene ndimaiona kuti ndi mtima wa zonsezi. VM ikalemba chinthu chofunika, monga database ikamasunga zimene mwangolowetsa, imapempha kuti isauzidwe kuti zatheka kufikira zitafika pa disiki yeniyeni, osati mu RAM ya NAS. Kulemba kotereku timakutcha sync. Pa madisiki ozungulira kumachedwa kwambiri, chifukwa disiki ya 7200 rpm imakwanitsa ntchito zomwazikana pafupifupi 100 zokha pa sekondi. Ndiye munthu amaona ma VM ake akukwawa, amafufuza, n'kupeza malangizo akuti alembe async mu fayilo ya /etc/exports kapena sync=disabled pa ZFS, dongosolo losungira mafayilo la ma NAS ambiri. Akatero liwiro limakwera modabwitsa. Chimene chachitika n'chakuti NAS yauzidwa kuti izinama: iziyankha kuti zalembedwa pamene zidakali mu RAM. Magetsi akathima kapena NAS ikagwa, zolemba za masekondi angapo omaliza zimasowa, pamene ma VM aja, ngati maseva awo akadali oyaka, akupitiriza ntchito akukhulupirira kuti zilipo. Pa VM yoyeserera, imene mungaipangenso mawa, mutha kuvomera ngoziyo mukuidziwa. Pa VM yosunga zithunzi za banja kapena mawu achinsinsi, musatero.

Njira yoona ndi kufulumizitsa malo amene zolembazo zikufikira. Chophweka kwambiri ndi kusunga ma VM pa ma SSD okhaokha, madisiki ozungulira n'kuwasiyira makanema ndi makope. Ngati mukugwiritsa ntchito ZFS, imene Sun inatulutsa mu 2005 ndipo lero imapezeka mu TrueNAS ndi pa Linux kudzera mu OpenZFS, mungawonjeze SSD yaing'ono yotchedwa SLOG, imene imalandira zolemba za sync mwachangu. Siifunika kukhala yaikulu, magigabayiti ochepa amakwana, koma ikhale ya mtundu wokhala ndi ma capacitor, tizida tosunga magetsi pang'ono, oithandiza kumaliza kulemba magetsi akathima. Ma SSD otere amayankha sync mwachangu popanda kunama, pamene ambiri a kompyuta wamba amafooka kwambiri pa ntchito imeneyi. Kakonzedwe ka madisiki nakonso kali ndi mbali yake. RAIDZ, njira ya ZFS yomangira madisiki angapo m'gulu limodzi, imasunga malo ambiri, koma gulu lonse limagwira ntchito zomwazikana pa liwiro longa la disiki imodzi. Madisiki anayi oikidwa awiriawiri, iliyonse ndi mnzake woisungira kope, amataya theka la malo koma amatumikira ma VM bwino kwambiri. Madisiki a mtundu wa SMR apeweni, chifukwa akapanikizidwa ndi zolemba zambiri amachedwa koopsa, makamaka pa nthawi imene mukumanganso gulu disiki ina itafa.

Pali phunziro limene ndinaliphunzira movutikira. Tsiku lina magetsi atabweranso, makina anga onse anayaka pamodzi, koma palibe VM imene inadzuka. Maseva anali atayaka msanga kuposa NAS, imene imatenga mphindi zingapo kuti ikonzeke. Nditaiyembekezera NAS ija, zinthu sizinasinthe, ndipo zinanditengera nthawi kuti ndione cholakwa changa: foda ya NFS ndinailumikiza ndi dzina, dzinalo linkamasuliridwa ndi DNS, ndipo DNS yanga inali VM yokhala pa NAS yomweyo. Seva inkafuna DNS kuti ipeze disiki, DNS inkafuna disiki kuti iyake. Kuyambira pamenepo ndimalumikiza NAS ndi adiresi ya manambala yosasintha, ndimachedwetsa kuyaka kwa ma VM, ndipo VM ya DNS ndi ya router ndimazisunga pa disiki ya m'kati mwa seva. Batire ya UPS, yoyendetsa makina magetsi akathima, ikhale pa NAS ndi pa switch pomwe, osati pa maseva okha, ndipo ndi pulogalamu ya NUT mungakonze kuti batire ikamatha maseva azime poyamba, NAS izime pomalizira.

Tivomerezenso kuti NAS imodzi ndi dengu limodzi lonyamula zonse. Ikagwa, ma VM onse agwa nayo. Amene sakufuna zimenezi ali ndi njira ziwiri. Ceph, imene inayamba ndi kafukufuku wa Sage Weil pa yunivesite ya California ku Santa Cruz, imamwaza zolemba pa madisiki a maseva onse, mwachizolowezi makope atatu, koma imafuna maseva osachepera atatu ndi netiweki yothamanga. Njira inayo ndi yoti seva iliyonse ikhale ndi ZFS yake ndipo Proxmox izikopa zosintha kupita ku inzake mphindi 15 zilizonse, kapena pafupipafupi mpaka mphindi imodzi. Seva ikafa mumataya zokhazo zimene zinalembedwa chikopereni komaliza. Kwa munthu wa maseva awiri njira yachiwiriyi nthawi zambiri imamukwanira, bola awonjezere kachida kachitatu koponya voti, kotchedwa QDevice, chifukwa gulu la maseva limafuna mavoti oposa theka kuti ligwire ntchito, ndipo pa maseva awiri imodzi ikafa yotsalayo ilibe mavoti amenewo.

Makope a ma VM asakhale pa NAS yomwe ikusunga ma VM, chifukwa RAID, kumanga madisiki m'gulu kuja, imateteza ku disiki yakufa, osati ku fayilo yofufutidwa molakwitsa kapena bokosi lopsa. Ndipo musanaikepo kanthu kamtengo wapatali, pangani VM yoyeserera, muisamutse uku ndi uku ikugwira ntchito, kenako muzule chingwe cha NAS kwa mphindi imodzi n'kuchibwezera. Pa NFS yolumikizidwa mwa njira ya hard, imene ndi ya chizolowezi pa Linux, seva imadikira n'kupitiriza chingwe chikabwerera, koma VM ina imatopa kudikira n'kutseka disiki yake kuti izingowerengedwa. Lembani zimene VM yanu yachita, nthawi imene yatenga kuti ibwerere, ndi malamulo amene mwalemba poidzutsa, ndipo pepalalo mulisunge pamalo ena kunja kwa NAS.