Benchi ya mmisiri wa mphete imayezedwa pa thupi la mwini wake

Munthu akafuna kuyamba kupanga mphete, ndolo kapena zibangili pakhomo, ndalama zoyamba zimathera pa zida: sowo, matupa, mapulayala, kanyundo. Za pogwirira ntchito amangoti tebulo lodyerapo lija likwana. Silikwana ayi. Tebulo wamba limatalika masentimita pafupifupi 75, pomwe ntchito yathu ndi ya tinthu tofuna diso pafupi. Pa tebulo lotere mudzakhalira kuwerama, khosi ndi msana n'kuyamba kuwawa, mzere umene mukucheka nawonso n'kumakhota.

Benchi yathu imakhala pakati pa masentimita 90 ndi 100. Komabe musapite kwa kalipentala ndi nambala yongomva. Yambani mwapeza mpando umene muzikhalira. Khalani mowongoka, mapazi agunde pansi, ndipo wina ayeze kuchokera pansi kufika pakati pa chifuwa chanu. Pamenepo ndi pamene thabwa lapamwamba lifike. Kalipentala adzakuuzani kuti latalikitsa, inu musagonje.

Thabwalo likhale lochindikala, osachepera masentimita 4, ndiponso louma bwino. Mlombwa kapena mbawa ndiye zenizeni. Paini ndi wofewa, musiyireni ku miyendo ndi madirowa. M'litali mita imodzi, m'lifupi masentimita 50 kapena 60, basi zakwana. Miyendo imangidwe ndi mabawuti ndi mitanda yopingasa, osati misomali yokha, chifukwa benchi yogwedera imathyola timasowo tathu tija topyapyala ngati tsitsi. Ikapepuka, imangirireni kukhoma.

Kutsogolo, pakati, amasemapo chibowo chooneka ngati theka la bwalo, masentimita pafupifupi 45 kukamwa kwake. Thupi limalowa mmenemo, zigongono n'kupeza potsamira uku ndi uku. Pakatikati pake ndi pamene pamakhala pegi, ndipo ntchito yonse imachitikira pa kathabwa kameneka.

Pegi ndi kathabwa kolimba kotalika ngati chikhatho, kotulukira kwa inu. Mbali ina ndi yosalala, ina ndi yotsetsereka, ndipo kunsonga kumadulidwa mpata wooneka ngati V. Pocheka, chitsulo chimagona pamwamba pa mpatawo, zala ziwiri zachipanikiza, sowo ili chilili mkati mwa V, mano ake ataloza pansi. Motero sowo ikamatsika imakokera chitsulo pa pegi m'malo mochinyamula. Popala ndi tupa mumatsamiritsa mphete ku mbali yotsetsereka ija. Musaichitire chisoni pegi. Isemeni timipata, iboolereni timaenje togwira waya kapena mphete malinga ndi ntchito ya tsikulo. Ikatha muikapo ina, n'chifukwa chake ndi bwino kuimanga ndi bawuti kapena kalampu, osati guluu.

Pansi pa pegi, pamwamba pa maondo, pamapachikidwa chikopa chofewa kapena pamaikidwa dirowa yokutidwa ndi lata. Ine ndimakonda chikopa, popeza mwala ukagwerapo sudumpha. Amene anagwetsapo kamwala ka aquamarine wa ku Mzimba pa simenti akudziwa mmene mtima umadukira. Koma ntchito yaikulu ya chikopa ndi kutola utuchi. Utuchi wa siliva ndi siliva ndithu, umasungunulidwa n'kubwerera pa ntchito. Mu mzinda wa Birmingham ku England, fakitale ya Smith & Pepper, imene inatsekedwa mu 1981 n'kusanduka myuziyamu, inasiya mabenchi ake ndi zikopa zake zili pomwepo. Amisiri a kumeneko sankataya zinyalala zosesa pansi ngakhale madzi osamba m'manja asanachotsemo golide. Inunso madzulo sesani chikopa ndi kaburashi, mudutsitse maginito kuti itole tizidutswa ta sowo, utuchi muthire m'kabotolo. Siliva payekha, mkuwa payekha. Mtovu wokha usayandikire n'komwe benchiyi: kachidutswa kake kakamatirira pa siliva, moto ukafika kamadya chitsulocho n'kusiya dzenje.

Moto ukhale ndi malo akeake, makamaka pa katebulo kena pafupi ndi zenera. Yalani lata kapena matailosi, pamwamba pake njerwa yosapsa ndi moto. Simenti kapena njerwa yachinyontho imatha kuphulika ikatentha. Pambali pakhale botolo lotsekera la madzi otsukira chitsulo chikachoka pa moto. Citric acid kapena alamu m'madzi ofunda zimagwira ntchito bwino ndipo si zoopsa ngati asidi wa m'batire. Musalowetsemo chopanira chachitsulo wamba, siliva angatuluke atafiira ndi mkuwa. Chopaniracho chikhale cha mkuwa kapena cha nsungwi. Ndipo pogula solda, chitsulo chimene timasungunula polumikiza zidutswa, funsani ngati alibe cadmium, chifukwa utsi wake umawononga mapapo ndi impso.

Kuwala kubwere cha kumanzere ngati mumagwira ndi dzanja lamanja, kuti chithunzithunzi cha dzanja chisabise mzere. Benchi ikakhala pafupi ndi zenera, ngakhale magetsi athime ntchito ya masana siima. Zokhoma zazing'ono khomerani pamwamba penipeni pa mwendo wa benchi, pamene sipanjenjemera. Zazikulu zipite pa chitsa chouma chimene mwachiimika pambali. Ngati m'nyumba muli ana, dirowa ya asidi, solda ndi timasowo ikhale ndi loko.