Thabwa likaola pa khonde, yambani mwasuzumira kunsi kwake

Nyanja itakwera mu 2024, madzi analowa m'malo ambiri ogona alendo ndi m'nyumba za m'mbali mwa nyanja kuno ku Mangochi, ndipo makonde a matabwa, omwe ena amawatcha madeki, anakhala m'madzi kwa miyezi. Madzi ataphwera, ife akalipentala tinayamba kuitanidwa uku ndi uku. Mayi wina wa cha ku Namiasi anandilandira ndi mawu omwe ndawamva kambirimbiri: "Amisiri, ndi matabwa atatu okha, mungozula n'kukhomapo ena." Ndinapempha tochi n'kukwawira kunsi kwa khondelo. Mitanda iwiri yomwe inanyamula matabwawo inali itafewa ngati chinangwa chonyika m'madzi. Ndikanangokhoma matabwa atsopano pamwamba pake, misomali ikanagwira chiyani?

Chimene chimaoletsa thabwa ndi bowa wina wosaoneka bwino ndi maso amene amadya mtengo. Bowayu amafuna zinthu ziwiri, chinyezi ndi mpweya, ndipo amayamba kukula chinyezi cha m'thabwa chikapitirira pafupifupi 20 peresenti. N'chifukwa chake mtengo womira m'madzi nthawi zonse umachedwa kuola, wouma nthawi zonse nawonso umakhalitsa, koma umene umanyowa n'kuuma, kunyowa n'kuuma, ndiwo umatha msanga. Aliyense amene anazikapo mzati wa nkhokwe kapena wa khola amadziwa kuti umadukira pamene pakumana dothi ndi mpweya.

Pa khonde malo oterewa ndi odziwika. Oyamba ndi kumapeto kwa thabwa, komwe anadula ndi sowo, poti kumeneko mtengo umayamwa madzi ngati bango. Ena ndi pamene thabwa lagona pa mtanda: madzi amalowera pa bowo la msomali n'kukhazikika pakati pa mitengo iwiriyo pomwe dzuwa silifika. Onaninso m'mbali mwa khoma pomwe denga lopanda gatala limagwetsera madzi, kunsi kwa miphika ya maluwa, kunsi kwa mkeka womwe suchotsedwa, ndi pomwe pamatsukidwira mbale kapena nsomba. Mipata ya pakati pa matabwa ikadzaza mchenga wa kunyanja ndi masamba a mango, zinyalalazo zimasunga madzi masiku ambiri mvula itakata kale.

Poyesa thabwa musakhulupirire maso okha. Tengani sikuludiraiva kapena msomali wautali mubaye malo omwe ndatchulawa. Thabwa lamoyo limakana, ndipo mukatsomphola limatuluka kachipsepse kakatali kosongoka. Loola limalowetsa chitsulo mosavuta n'kumanyenyeka tizidutswa tatifupi. Kenako gogodani ndi hamala. Likamalira ngati ng'oma ndiye kuti m'kati mwadutsa chiswe, chomwe chimadya mtima n'kusiya khungu looneka labwinobwino. Mukaona tinjira tadothi tokwera pa mizati, musayambe n'komwe kukhoma musanathane ndi chiswecho. Thabwa lililonse lolephera mayesowa lilembeni ndi choko, ndipo mukatha pamwamba lowani kunsi muchite chimodzimodzi ndi mitanda ndi mizati.

Pali matabwa ena omwe amangooneka okalamba, otuwa ndi ong'aluka pang'ono pamwamba chifukwa cha dzuwa, koma ali olimba. Amenewa musataye. Nthawi zambiri ndimawazula bwinobwino, kuwatembenuza, kuwapala ndi sandipepa n'kuwakhomanso. Koma choko chikafika pa theka la khonde, kapena mizati itaola m'munsi, ine ndimauza mwini wake kuti kuphatikaphatika kumudyera ndalama zambiri kuposa kumanganso.

Pozula, ikani kachidutswa ka thabwa kunsi kwa mgwala kuti musaphwanye thabwa loyandikana nalo. Masikuluwu adzimbiri omwe mitu yake inatha musalimbane nawo, aduleni ndi sowo ya zitsulo pakati pa thabwa ndi mtanda. Ngati thabwa ndi lalitali ndipo laola mbali imodzi yokha, mukhoza kudula gawo loolalo, koma mudule kupitirira pomwe kuolako kukuonekera, chifukwa bowa amakhala atayenda kale m'kati. Njira yosavuta ndi kudula motsatira m'mphepete mwa mtanda, kenako n'kukhoma kachidutswa kolimba m'mbali mwa mtandawo kuti nsonga ya thabwa latsopano ipeze pogona. Chigamba chisakhale chachifupi kwambiri. Chizigona pa mitanda itatu kapena kuposerapo, apo ayi chimapendama munthu akaponda kunsonga. Ndipo ngati mukusintha matabwa angapo oyandikana, polumikizira pake pasakhale pa mtanda umodzi onse, muwasemphanitse monga amachitira omanga njerwa.

Tsopano mitanda, pomwe pagona nkhani yonse. Matabwa akachoka, pamwamba pa mtanda pamaonekera. Ngati kuola kwangodya pang'ono pamwamba, palani ndi tchizulo mpaka mufike pa mtengo wolimba, musiye paume masiku angapo, mupake mankhwala oteteza matabwa monga Solignum. Ngati kwalowa kwambiri, ikani mtanda wina watsopano m'mbali mwake, wautali mokwanira kuti upitirire malo oolawo mbali zonse ziwiri, n'kumanga ndi mabawuti, osati misomali yokha. Mtanda womwe waola pomwe wagona pa mzati kapena pa khoma uchotsedwe wonse. Pamenepo sindinyengerera, chifukwa ndi pomwe khonde limagwera tsiku la chinkhoswe anthu atadzaza. Musanakhome matabwa, dulani kalamba ka pulasitiki wakuda wa DPC, yemwe omanga amayala pa faundeshoni, muyale pamwamba pa mtanda uliwonse. Ndi kanthu kotchipa koma kamaletsa madzi kukhala pa mtengo. Mitanda ikakhala yotalikirana kuposa masentimita 40 mpaka 45 pomwe matabwa ndi opyapyala, onjezerani wina pakati.

Nanga mugule thabwa lanji? Paini wamba, wochokera ku Chikangawa kapena ku Zomba, ndi wabwino pa denga ndi m'nyumba, koma panja pa mvula ndi chiswe cha kuno sachedwa kutha ngati sanalowetsedwe mankhwala. Paini wolowetsedwa mankhwala oteteza matabwa otchedwa CCA ku fakitale amaoneka wobiriwira pang'ono, ndipo ameneyu ndiye woyenera panja. Kupaka mankhwala ndi bulashi pamwamba sikufanana ndi kulowetsa ndi makina, ngakhale ogulitsa ena amazitcha zonse "tilitedi". Dulani kachidutswa muone ngati mtunduwo walowa m'kati. Bulugamu wokhwima ndi wolimba koma amapindika ndi kung'aluka akakhomedwa wamuwisi. Mlombwa umapirira kwambiri, koma ndi wodula, ukusowa, ndipo ndi mtengo wachilengedwe womwe kuucheka ndi kuunyamula kumafuna chilolezo cha a Forestry. Wogulitsa wopanda mapepala mumusiye ndi matabwa ake.

Thabwa lililonse lomwe mwagula lifanane kunenepa ndi akalewo, apo ayi mupale ndi puleni, poti kusiyana kwa mamilimita atatu okha n'kokwanira kupunthwitsa munthu usiku. Likakhala lamuwisi, lisanjeni pamthunzi ndi timitengo pakati kwa masabata awiri kapena atatu kuti mphepo izidutsa. Nthawi yabwino ya ntchito yonseyi ndi kuyambira June mpaka September, mwera ukuomba, mvula kulibe, kutentha kwa October kusanafike.

Pokhoma siyani mpata wa mamilimita pafupifupi 5 pakati pa matabwa. Ine ndimangolowetsa msomali wa mainchesi 4 pakati, ndiwo muyezo wanga. Ngati thabwa likadali ndi chinyezi chepetsani mpatawo, chifukwa likauma lifota n'kuukulitsa lokha. Pa mtanda uliwonse pakhale misomali kapena masikuluwu awiri, ndipo akhale a galavanaizi. Misomali wamba imachita dzimbiri msanga, makamaka m'thabwa la CCA lomwe mankhwala ake muli kopa, ndipo imasiya mizere yakuda. Kunsonga kwa thabwa, komanso pa mitengo yolimba ngati mlombwa ndi bulugamu, yambani mwaboola ndi dirilo kuti lisang'ambike. Paliponse pomwe mwadula ndi sowo pakani mankhwala kawiri musanakhome, chifukwa mukakhoma simudzafikaponso.

Za zopaka pamwamba ndinena mwachidule. Vanishi amawala mwezi woyamba, kenako dzuwa la ku Mangochi limamusenda, madzi n'kumalowa kunsi kwake osatulukanso. Mafuta opakira matabwa apanja, omwe amalowa m'kati, ndi abwino ndipo mumangobwereza chaka ndi chaka popanda kupala. Oyilo wakutha wa galimoto, yemwe ambiri amamukonda poti ndi waulere, pa khonde ayi: amatereretsa, amadetsa mapazi ndi zovala, ndipo mvula ikagwa amatsikira m'nyanja momwe tikumwa ndi kuwedza. Matabwa atsopano adzasiyana mtundu ndi akale kwa miyezi ingapo, koma dzuwa limawafananitsa lokha.

Ntchito ikatha pamatsala mulu wa zidutswa, ndipo sipalephera wina kubwera kudzapempha nkhuni. Za paini wamba kapena bulugamu wosapaka ndimapereka. Zobiriwira za CCA ndimakana ngakhale andione ngati woumira, chifukwa mankhwalawo muli poizoni wa arsenic yemwe amatuluka mu utsi n'kutsaliranso m'phulusa. Kuno komwe nkhuni zoterozo zikhoza kukathera pa ng'anjo yowambira kampango kapena pa mbaula yootchera chimanga, zidutswa zimenezo pamodzi ndi utuchi wake ndimazilongedza m'thumba n'kuchoka nazo ndekha.