Mkangano wa chidindo cha Xuande pa zofukizira lubani za ku China

Mukatembenuza chofukizira lubani chakale chamkuwa cha ku China, kawirikawiri kunsi kwake mumapeza kachidindo ka zilembo zisanu ndi chimodzi, konena kuti chinapangidwa m'zaka za Xuande, mu ufumu wa Ming. Zofukizira za chidindo chimenechi zili mbwee m'nyumba zosungiramo zakale ndi m'misika, kuyambira ku Beijing mpaka ku London. Koma kufikira lero palibe ndi chimodzi chomwe chimene akatswiri onse anachivomereza kuti ichi ndiye chochokeradi m'manja mwa amisiri a mfumu ya nthawiyo.

Xuande linali dzina la ulamuliro wa Zhu Zhanji, mfumu ya ku China imene inakhala pampando kuyambira 1425 mpaka 1435. Nkhani yomwe anthu akhala akupatsirana imati mu 1428 mfumu ya ku Siam, kumene lero timati Thailand, inatumiza mphatso ya mkuwa wabwino zedi. Zhu Zhanji, poona kuti ziwiya za m'akachisi ndi m'nyumba yachifumu sizikumukhutiritsa, analamula kuti apange zina, potengera maonekedwe a ziwiya zamkuwa zamakedzana ndi mbale zadothi za nthawi ya ufumu wakale wa Song. Akuti mkuwawo ankauyenga mobwerezabwereza, wina mpaka maulendo 12, ndipo panatuluka ziwiya zoposa 3,000.

Zonsezi gwero lake ndi buku lotchedwa Xuande dingyi pu, ndipo vuto lagona pomwepo. Bukuli limaika Lü Zhen, nduna yoona za miyambo, patsogolo pa ntchito ya mu 1428. Chonsecho Lü Zhen anamwalira mu 1426. Munthu wa m'manda angalandire bwanji lamulo la mfumu? Mu 1936 katswiri wa ku France, Paul Pelliot, analifufuza bukuli n'kuweruza kuti linalembedwa patapita zaka zambiri. Palinso nkhani ya mkuwa weniweniwo. Zofukizira zambiri za chidindochi n'zamkuwa wosakaniza ndi zinki wochuluka, pomwe mkuwa wotere unafala ku China m'zaka za m'ma 1500, Zhu Zhanji atapita kalekale.

Otsutsa nawo ali ndi mfundo. Amati luso linalipo, pakuti zifanizo za Buddha zamkuwa wokutidwa ndi golide za nthawi ya Xuande zilipo ndipo palibe amazikayikira. Nanga amisiri omwewo akanalephera kachofukizira? N'zoona, koma kukhoza kupanga chinthu si umboni woti chimene chili patebulo panu anapanga ndi iwo.

Ine ndimaona kuti kutchula zofukizira zonsezi kuti zachinyengo n'kulakwira amisiri ambiri. Pofika kumapeto kwa ufumu wa Ming, anthu ophunzira a m'mizinda ngati Suzhou ankafuna chofukizira chotere pambali pa inki ndi mabuku awo, ndipo dzina la Xuande linasanduka dzina la mtundu wa chiwiya. Mmisiri wa m'ma 1600 poika chidindocho ankalemekeza kapangidwe kotchuka. Ena ankaikako mayina awo kapena a eni ake. Achinyengo analiponso, ndipo lero ndiye achita kunyanya, mpaka kupaka mankhwala kuti chiwiya cha dzulodzuloli chioneke chokalamba.

N'chifukwa chake odziwa sathamangira chidindo. Amayamba anyamula. Chofukizira chabwino, ngakhale chokwana m'dzanja limodzi, chimalemera modabwitsa. Kenako chala chimayenda pamimba pake, pamene payenera kukhala see, popanda timaenje ta mchenga. Amayang'ana ngati zogwirira ziwirizo zikufanana, ngati timiyendo titatuto taima bwino. Kwambiri amakonda khungu lake, ndiye kuti mtundu wa pamwamba pa mkuwawo: lina lofiirira ngati chipatso chakupsa, lina lakuda monyezimira, lina lowazidwa madontho a golide. Khungulo limakula ndi moto. Mwini amadzaza phulusa loyera, n'kukwiriramo khala loyaka, pamwamba n'kuikapo kachidutswa ka mtengo wonunkhira. Kutentha kwapang'onopang'ono kwa zaka zambiri, pamodzi ndi kupukuta ndi kansalu kofewa, kumakhwimitsa mtundu wake. Wokwecha chofukizira chotere kuti chiwale wawononga ntchito ya mibadwo, ndipo sichibwereranso.

Zambiri zinatayika m'zaka za m'ma 1900, makamaka kuyambira 1958, pomwe zitsulo zakale zinkasonkhanitsidwa n'kukasungunulidwa. Zina zinapulumuka chifukwa cha anthu ngati Wang Shixiang wa ku Beijing, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1914 mpaka 2009 ndipo ankazifukizadi zofukizira zake m'malo mongozitsekera m'kabati. Katundu wake atagulitsidwa ndi kampani ya China Guardian mu 2003, zofukizirazo zinalimbiranidwa kwambiri, ndipo chimodzi mwa zotchuka koposa chinali cha nthawi ya Chongzhen, mfumu imene inalamulira zaka pafupifupi 200 pambuyo pa Xuande.