Kabichi, anyezi ndi adyo sadikira Ogasiti

Ikafika Epulo anthu ambiri amakhala ali bize ndi chimanga, kuika mikukwe, kukolola, kututa, ndiye za kudimba amangoti tidzaona kukayamba kufunda. Ena amachita kunena kuti mu Juni mbewu sizikula, bola tidikire Ogasiti. Ine ngati mlangizi wa zaulimi mawu amenewa amandidandaulitsa, chifukwa munthu amene wadikira Ogasiti wataya nyengo yabwino kuposa zonse ya ndiwo zamasamba kuno kwathu, ndipo akamadzayamba amapeza chitsime chayamba kale kutsika, mbozi zadzuka, dzuwa likupsereza mbande pa bedi pomwepo.

Pali mbewu zimene kuzizira ndi kwawo. Kabichi, repu, mpiru, chayinizi, karoti, nsawawa, anyezi ndi adyo. Kabichi amasangalala kukamazizira pakati pa madigiri 15 ndi 20, kukatentha kwambiri mutu umamanga wofewa, wopanda sikelo. N'chifukwa chake kumtunda ngati ku Dedza, Bembeke, Tsangano ndi Lizulu ndi kumene kumachokera zambiri zimene timagula m'tauni, aliyense amene anadutsapo pa Lizulu pa msewu wa M1 anaiona milu ya kabichi ndi karoti ija. Koma olo muli ku Lilongwe, Kasungu kaya Zomba, miyezi ya Meyi mpaka Julayi imakupatsani kamphepo komweko kwaulere.

Zoona, mu Juni ndi Julayi zimakula pang'onopang'ono, izi sindikutsutsa. Mbewu za mtundu wa kabichi zikamva kuzizira zimachulukitsa shuga m'masamba, shugayo ndi amene amazithandiza kuti zisapse ndi chisanu, ndiye mukamati repu wa mu Julayi amakoma kusiyana ndi wa mu Okutobala simukunama ayi. Chofunika n'chakuti kuzizira kuipeze mbewuyo itagwira kale, ili ndi mizu yake ndi masamba angapo. Mbande yowokera dzulo ikakumana ndi usiku wozizira wa mu Juni imangokhala chikhalire, pena masabata angapo osasuntha. Nde kalendala yanu muziiwerenga chobwerera m'mbuyo: ngati mukufuna kukolola mu Ogasiti kapena Seputembala, nazale yanu ndi ya mu Malichi ndi Epulo, nthawi yomwe ija muli bize ndi chimanga.

Anyezi ndi amene amaonetsa bwino nkhaniyi. Anyezi sapanga mutu chifukwa choti wakula ayi, amayang'ana kutalika kwa tsiku. Kuno tsiku lalifupi kwambiri limakhala cha pa 21 Juni, maola 11 ndi kamphindi, kenako limayamba kutalika mpaka kufika pafupifupi maola 13 mu Disembala. Mitundu imene timadzala ngati Red Creole ndi Texas Grano ikaona tsiku layamba kutalika komanso kwayamba kufunda imasiya kutulutsa masamba n'kuyamba kutupa pansi, kaya ili ndi masamba ambiri kaya ochepa. Ndipo tsamba lililonse pamwamba ndi chikamba chimodzi cha anyezi pansi. Amene anafesa mu Malichi, n'kuwokera kumapeto kwa Epulo kapena mu Meyi, anyezi wake amakhala ndi miyezi yonse yozizira yopangira masamba, ikamafika Ogasiti mitu ikubwera yaikulu. Amene wafesa mu Julayi anyezi wake amathamangira kupanga mutu ali ndi timasamba tinayi, zotsatira zake ndi tianyezi tija timene pamsika amangounjika pamulu wotchipa. Feteleza sangakonze zimenezi olo mutathira thumba lonse.

Komanso musapitirire mbali inayi. Mukafesa molawirira kwambiri, anyezi n'kukula mopitirira muyezo kuzizira kusanafike pachimake, ena amatulutsa mtengo wa maluwa pakati, ndipo anyezi wotero amakhala wolimba m'kati ndipo sasungika. Mbande ya anyezi imakhala pa nazale masabata 6 mpaka 8, muziwokera isanapitirire kunenepa kwa pensulo, motalikana masentimita 10 kapena kuposerako pang'ono, osaikwirira mozama. Ngati cholinga chanu ndi kusunga kuti mudzagulitse nthawi ya mvula, dzalani Red Creole, wofiira uja. Texas Grano amakula mitu yaikulu yokongola koma sachedwa kuwola.

Adyo yekha ndiye amachita kufuna kuzizira kuti agawikane bwino m'kati. Mudzale mu Malichi, Epulo kapena kumayambiriro kwa Meyi, musankhe tizidutswa tikulutikulu ta kunja, kosongoka kuyang'ane kumwamba, ndipo mukhale okonzeka kudikira miyezi 5 kapena 6. Wodzala mochedwa nthawi zambiri amakumba kamutu kamodzi kosagawikana. Karoti safuna nazale, mumafesa pa bedi pomwepo n'kudzapatulira, ndipo musamuthire manyowa osawolerana chifukwa amatuluka wa mphandamphanda. Kabichi masabata 4 mpaka 6 pa nazale, Copenhagen Market amacha msanga ndipo mutha kumuthithikanitsa pa masentimita 45, pamene Drumhead ndi wochedwa, amafuna danga la masentimita 60.

Tsopano za chisanu chenicheni, chija chimayeretsa udzu m'mawa. Anthu ambiri amaopa masiku a chiperoni, kukakhala mitambo, nkhungu ndi kamvula kowaza ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, koma usiku wa mitambo chisanu sichigwa kawirikawiri chifukwa mitamboyo imabweza kutentha kumene nthaka ikutulutsa. Usiku woopsa ndi wa pambuyo pake, mitambo itachoka, nyenyezi zili mbee, mphepo yaleka kuti zii. Pamenepo nthaka imataya kutentha konse ndipo kumazizira kwambiri dzuwa litatsala pang'ono kutuluka. Mpweya wozizira ndi wolemera, umatsetsereka ngati madzi kuchokera kumtunda n'kukadikha pamalo otsika, ndipo malo otsikawo ndi dambo lomwe lija kuli madimba athu. N'chifukwa chake mumapeza dimba la pansi lapsa pamene la mnzanu cha kumtunda pang'ono lili bwinobwino, anthu n'kuyamba kuganizirana zoipa chonsecho ndi mmene malo akhalira basi.

Nde pogawa mabedi, kabichi, repu, anyezi ndi adyo ndi amene angakhale kumunsi, amapirira chisanu chapang'ono. Tomato, nyemba, maungu, chimanga chachiwisi ndi mbatatesi sizipirira, ngati mukuzifuna ziikeni chakumtunda kapena zidikire. Nsawawa masamba ake amapirira koma maluwa ndi tizitheba tating'ono zimapsa, choncho kumalo a chisanu muzipewa kuti maluwa agwere pakati pa Juni ndi Julayi. Mpanda nawo uli ndi nkhani. Tonse tikudziwa kuti anthu akamaliza kukolola mbuzi ndi ng'ombe zimatayiliridwa, popanda mpanda palibe dimba, koma mpanda wa udzu wothithikana mbali ya kumunsi umatsekera mpweya wozizira uja m'dimba mwanu momwemo. Mbali ya kumunsi ikani mitengo ndi minga zoti mbuzi isalowe koma mpweya uzidutsa, udzu wothithikanawo upite kumtunda ndi kumene kumachokera mwera.

Nthaka yonyowa imasunga kutentha kwa masana kuposa youma, choncho mukaona kuti usiku uno kukhala koyera thirirani masana dzuwa likadalipo, kuti pofika madzulo masamba akhale atauma. Chinthu china chimene chimadabwitsa alimi ndikamawauza ndi cha kuphimbira. Timalimbikitsa kuphimbira mabedi ndi udzu chifukwa kumasunga chinyezi, ndipo ndi zoona, koma udzu wochindikala umatsekeranso kutentha kwa nthaka kuti kusakwere usiku, ndiye masamba amene ali pamwamba pa udzuwo amazizidwa kwambiri. Ngati dimba lanu ndi logwa chisanu, mu Juni ndi Julayi phimbirani mopepuka, udzu wambiri mudzaike mu Ogasiti kukayamba kutentha. Chimene chimateteza ndi chofunda cha pamwamba pa mbewu, kathandala ka udzu ngati ka pa nazale kapena masaka, kuika madzulo n'kuchotsa m'mawa. Zofukiza utsi usiku wonse sizithandiza kwenikweni, mumangotha mapesi amene akanakhala manyowa.

Pa chakudya cha mbewu musapupulume. Mukaona kuti zikuchedwa mu Juni si njala ayi, ndi kuzizira, ndipo kuwonjezera feteleza wa CAN kumangobweretsa masamba ofewa amene nsabwe zimakonda. Manyowa owolerana bwino alowe pokonza bedi, feteleza wobereketsa pang'ono patatha masabata awiri kapena atatu chiwokereni, ndipo anyezi akangoyamba kutupa pansi musamuthirenso, apo ayi khosi limanenepa ndipo sauma. Nsabwe zotuwa zija zimabwera nyengo yomweyi, zimabisala kunsi kwa tsamba ndi pamtima pa kabichi, muzitembenuza masamba kawiri pa sabata muzipeze zikadali zochepa, madzi a sopo kapena a nimu amathandiza pamenepo. Mukagwiritsa ntchito mankhwala ogula werengani pa botolo masiku oyenera kudikira musanathyole, ndiwozi akudya ndi ana athu omwe. Ndipo kabichi akamafota masana chonsecho mwathirira, zulani mmodzi muone mizu, ikakhala yotupa ngati zibakera ndi matenda okhala m'nthaka zaka zambiri, amakonda nthaka ya asidi yonyowa. Laimu amathandiza, koma chachikulu ndi kasinthasintha, ndipo kuchotsa kabichi n'kuikapo repu kapena mpiru si kusintha ayi chifukwa onsewo ndi banja limodzi. Ikanipo anyezi, karoti kapena nsawawa.

Ogasiti akafika zonse zimathamanga nthawi imodzi. Mbewu zimakula msanga, madzi akufunika ambiri, kambozi kobiriwira koboola masamba a kabichi kachuluka, mpiru ndi chayinizi ayamba kuthamangira maluwa. Apa amene anayamba mu Malichi akungomalizitsa. Kabichi muzimuthirira mofanana, mukamusiya aume kenako n'kumukhuthulira madzi ambiri mutu umang'ambika, ndipo wokhwima musamusunge m'munda podikira mtengo. Anyezi mukaona kuti pafupifupi theka lagwetsa makosi lekani kuthirira, musachite kuwapinda ndi manja kapena kuwaponda kuti afulumire. Pakatha sabata kapena kuposerapo zulani, muyanike ndi masamba ake omwe pamthunzi podutsa mphepo masabata awiri kapena atatu, mpaka khosi liume loti mukalifinya silikutulutsa madzi, kenako mudule masamba kusiya kachitsa kakang'ono. Adyo chimodzimodzi, ndipo mitu yaikulu yosadwala muipatule padera muipachike kudenga, ndiyo mbewu yanu ya mu Malichi.