Kalata ya imelo imadziwa bwanji njira?

Imelo ilibe likulu. Palibe kampani kapena boma limene limalandira makalata onse a pa intaneti n'kumawagawa. Mlembi wa pa sukulu ku Mangochi akatumiza lipoti ku bungwe lothandiza limene lili ku Oslo, kalatayo imachoka pa netiweki ya anthu ena n'kukalowa pa ya enanso, anthu oti sanaonanepo, sanasainirane pangano lililonse, ndipo salipirana kanthu pa kalata imeneyo. Komabe pakangotha masekondi ochepa imakhala yafika. Ife amene timayang'anira maseva a makalata, makompyuta amene amanyamula ndi kulandira imelo, timafunsidwa funso limodzi nthawi ndi nthawi: "Ndatumiza, koma akuti sanalandire. Yapita kuti?" Kuti yankho lake limveke, munthu ayenera kudziwa kaye chimene chimachititsa kuti makalata enawo azifika.

Tiyambire pa adiresi. Chizindikiro cha @ anachisankha Ray Tomlinson mu 1971, pa kampani ya BBN ku America, pamene ankalemba pulogalamu yotumizira uthenga kuchokera pa kompyuta ina kupita pa inzake pa netiweki ya ARPANET, kholo la intaneti ya lero. Chimagawa adiresi pawiri. Za kumanzere, dzina la munthu, ndi nkhani ya m'nyumba mwa wolandira, ndipo seva ya panjira ilibe mphamvu yozimasulira. Za kumanja, zimene timati domeni, ndiye zimene dziko lonse limayang'ana.

Mukadina potumizira, seva yanu imafunsa DNS, bukhu lalikulu la maina a pa intaneti, kuti: "Makalata a domeni iyi amalandira ndani?" Yankho limachokera pa mizere yotchedwa MX, imene mwini domeniyo analemba yekha. Mukafunsa za gmail.com mupeza mizere isanu, uliwonse ndi nambala yake: 5, 10, 20, 30 ndi 40. Nambala yaing'ono ndiyo khomo loyamba kugogoda. Likapanda kutseguka, seva imapita pa lotsatira. Kenaka maseva awiriwo amalankhulana m'chinenero cha SMTP, ndipo macheza ake ndi achidule kwambiri. Wotumiza amadzitchula dzina, nanena amene walemba kalata, nanenanso amene ikupita kwa iye. Wolandira amayankha ndi manambala. Akati 250 ndiye kuti wavomera. Nambala imene ikuyamba ndi 4, monga 451, ikutanthauza kuti "panopa sindingathe, mubwerenso." Imene ikuyamba ndi 5, monga 550, ikutanthauza kuti "musavutike kubweranso," kawirikawiri chifukwa munthuyo kulibe kapena kalatayo yakanidwa.

Kusiyana kwa 4 ndi 5 n'kofunika kwambiri kwa ife amene magetsi amatithimira. Malamulo a SMTP amati wotumiza akapeza seva yolandira ili zii, asunge kalatayo n'kumayesabe kwa masiku osachepera anayi kapena asanu asanataye mtima. N'chifukwa chake ofesi imene seva yake inathima Loweruka imapeza makalata akukhamukira Lolemba m'mawa. Palibe amene amakakamiza seva ya ku Oslo kudikira choncho. Imadikira chifukwa anthu anagwirizana kuti zizitero, ndipo aliyense wolemba mapulogalamu a makalata amatsatira.

Mgwirizano umenewu sunabwere mophweka. M'zaka za m'ma 1970, maina a makompyuta onse a pa ARPANET ankalembedwa mu fayilo imodzi yotchedwa HOSTS.TXT, imene inkasungidwa ndi gulu la Elizabeth Feinler ku Stanford Research Institute, ku California. Wolumikiza kompyuta yatsopano ankauza ofesi imeneyi, iwo n'kulemba, ndipo ena onse ankayenera kukopera fayiloyo pafupipafupi. Wochedwa kukopera ankasochereretsa makalata.

Kunja kwa ARPANET zinthu zinali zovutirapo. Pa netiweki ya UUCP, makompyuta ankaimbirana pa mawaya a lamya, kawirikawiri usiku pamene mitengo yatsika, ndipo wolemba kalata ankayenera kutchula yekha njira yonse. Adiresi inkaoneka chonchi: seismo!mcvax!kompyuta!munthu. Apa akunena kuti kalata ipite kwa seismo ku America, iyo ipereke kwa mcvax ku Amsterdam, iyonso ipereke kwa kompyuta ya wolandira. Amene anakulira kumudzi adzakumbukira keyala za masiku aja, pamene kalata ya agogo inkadzera kwa aphunzitsi aakulu a pasukulu, kenaka kwa mwana wa sitandade 7, kenaka kwa amfumu. Mmodzi mwa amenewa akasamuka, kalata imathera m'kabati. Pa UUCP zinalinso chimodzimodzi, moti panapezeka anthu odzipereka amene ankasonkhanitsa mapu osonyeza kuti kompyuta iti imaimbira iti, n'kumawafalitsa kuti pulogalamu yotchedwa pathalias izitha kuwerengera njira yachidule.

Ndiye panalinso manetiweki ena, iliyonse ndi kalembedwe kake. BITNET, imene inayamba mu 1981 pakati pa City University of New York ndi Yale, inali ndi maina ake. Makampani a lamya, kudzera m'bungwe lawo la CCITT, anatulutsa malamulo awoawo a makalata otchedwa X.400 mu 1984, ndipo maadiresi ake ankatchula dziko, kampani yonyamula makalata, bungwe ndi dzina la bambo, chilichonse ndi chilembo chake. Maboma ambiri a ku Ulaya ankakhulupirira kuti imeneyi ndiyo idzapambane. Pamalire a manetiweki amenewa pankaima makompyuta omasulira maadiresi, ndipo ankadalira mindandanda imene anthu ankaikonza pamanja n'kumatumizirana dziko ndi dziko. Steve Kille wa ku University College London analemba malamulo omasulira pakati pa X.400 ndi makalata a pa intaneti mu 1986, ndipo anakhala akukonzedwabe kwa zaka zoposa khumi.

Nkhani imene imasonyeza bwino kuvuta kwa ntchitoyi ndi ya ku Britain. Netiweki ya mayunivesite akumeneko, JANET, inkalemba maina mobwerera, kuyambira dziko. Zimene ena ankalemba kuti cs.ucl.ac.uk, iwo ankalemba uk.ac.ucl.cs. Kompyuta ya pamalire inkayang'ana mbali zonse ziwiri kuti ione kumene kuli chizindikiro cha dziko. Koma "cs" inali chidule cha madipatimenti ophunzitsa za makompyuta, ndipo inalinso chizindikiro cha dziko la Czechoslovakia. Kalata yopita kwa mphunzitsi wa mu London momwemo inkatha kutengedwa ngati ya ku Prague. Anthu ankachita kulemba mndandanda wa maina oti kompyuta isawatembenuze, mpaka pamene Britain inasiya kalembedwe kameneka m'zaka za m'ma 1990.

Chimene chinathetsa chisokonezochi ndi zinthu zitatu zimene zinabwera motsatana. Mu 1982 Jon Postel analemba malamulo a SMTP, ndipo David Crocker analemba a kaonekedwe ka kalata. Mu 1983 Paul Mockapetris anakonza DNS, imene inagawa bukhu la maina kuti mwini domeni aliyense azisunga tsamba lake. Mu 1986 Craig Partridge anafotokoza kagwiritsidwe ntchito ka mizere ya MX. Nzeru yake, imene ine ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa zonse m'mbiri ya imelo, ndi yakuti wotumiza anasiya kutchula njira. Wolandira ndiye amalengeza khomo lake, ndipo akasamuka amasintha mzere umodzi basi, dziko lonse n'kutsatira.

Njira imeneyi inathandizanso amene analibe intaneti, chifukwa mzere wa MX ukhoza kuloza kompyuta ya mnzako imene ingakusungire makalata. Umu ndi mmene imelo inafikira kuno kwathu. Mu 1989 Rhodes University ku South Africa inayamba kusinthana makalata pa lamya ndi kompyuta ya Randy Bush ku Portland, m'chigawo cha Oregon, pogwiritsa ntchito FidoNet, netiweki ina ya makompyuta oimbirana pa lamya. University of Zambia inalowa mu 1991, ndipo Chancellor College ku Zomba inatsatira m'zaka zomwezo. Pa FidoNet, Africa inali chigawo 5, moti maadiresi ambiri a nthawiyo ankathera ndi z5.fidonet.org. Makalata ankaunjikana kutali, n'kubwera pamodzi lamya ikalumikizika pa nthawi yopanganirana.

Koma kugawa bukhulo kunagawanso udindo. Malamulo a 1982 aja analamula kuti malo aliwonse olandira makalata akhale ndi adiresi ya postmaster, yowerengedwa ndi munthu weniweni, kuti zinthu zikasokonekera woyang'anira wa mbali ina adziwe wolankhula naye. Lamuloli likadalipo mpaka lero. N'zomvetsa chisoni kuti m'maofesi ambiri bokosi limeneli kulibe, kapena lilipo koma palibe amalitsegula. Ndaonapo bungwe lina likudandaula kwa milungu kuti makalata ake sakufika kunja, chonsecho machenjezo onse anali atagona m'bokosi la postmaster: kompyuta ina ya muofesimo inagwidwa ndi vayirasi ndipo inkamwaza makalata achinyengo usiku wonse.

Apa tafika pa bala lalikulu la SMTP. Inapangidwa pakati pa anthu odziwana, choncho siifunsa umboni. Aliyense akhoza kulemba dzina la wina pamalo a wotumiza, ndipo kale maseva ambiri ankanyamulira makalata aliyense wowapempha. Otsatsa malonda ndi akamberembere atazindikira zimenezi, makomo anayamba kutsekedwa. Mu 1997 Paul Vixie anayambitsa mndandanda wa manambala a makompyuta omwaza zinyalala, ndipo Spamhaus, bungwe losunga mindandanda yofanana nawo, inayamba mu 1998. Mukalowa pa mindandanda yotereyi, maseva ambirimbiri amakukanani nthawi imodzi. Pambuyo pake panabwera zida zitatu, zonse zolembedwa mu DNS momwemo. SPF imatchula maseva ololedwa kutumiza m'dzina la domeni yanu. DKIM imadinda kalata iliyonse ndi siginecha imene wolandira angathe kuitsimikiza. DMARC imauza wolandira chochita ndi kalata imene yalephera mayeso: ailandire, aiike pambali, kapena aikane. Amene analandirapo kalata yooneka ngati yochokera kwa abwana kapena kwa wogulitsa katundu, yonena kuti nambala ya akaunti ya kubanki yasintha, akudziwa chimene zidazi zikulimbana nacho, ngakhale sizigwira wakuba amene wagula domeni yongofanana ndi yanu.

Kuyambira February 2024, Gmail ndi Yahoo anakhwimitsa zinthu. Ku Gmail, wotumiza aliyense ayenera kukhala ndi SPF kapena DKIM, ndipo wotumiza makalata oposa 5,000 pa tsiku ayenera kukhala ndi zonse zitatu, komanso madandaulo a olandira asafike pa 0.3 peresenti. Microsoft inatsatira mu 2025. Malamulowo ndi abwino, ndipo ndimawalimbikitsa. Chimene sindikondwera nacho ndi mmene anabwerera. Zimene kale zinkakambidwa poyera mu IETF, bungwe lokonza malamulo a kayendedwe ka intaneti, kumene aliyense akhoza kulankhula, tsopano makampani ochepa amangolengeza tsiku, ena tonse n'kuthamanga. Seva yaing'ono ya ku Lilongwe kapena ku Chipata ikakanidwa molakwika, kupeza munthu woti amve dandaulo lake ku makampani amenewa n'kovuta zedi. Mapeto ake mabungwe ang'onoang'ono amasiya kusunga makalata awo n'kukabwereka malo kwa akuluakulu omwewo, mphamvu zawo n'kumakulirakulira.

Palinso zolakwika zimene zida zonsezi sizingaletse. Mu July 2023 nyuzipepala ya Financial Times inalemba kuti makalata ochuluka opita kwa asilikali a America, amene maadiresi awo amathera ndi .mil, ankafikira ku .ml, domeni ya dziko la Mali. Johannes Zuurbier wa ku Netherlands, amene ankayang'anira domeniyo, anasonkhanitsa makalata oposa 100,000 m'miyezi yochepa chabe ya chaka chimenecho, ena okhala ndi zachipatala ndi ndondomeko za maulendo. Maseva onse anachita ntchito yawo molondola. Chala cha munthu ndicho chinadumpha chilembo chimodzi. Ife amene timalemberana pakati pa .mw ndi .mz, kapena .zm, .zw ndi .za, tili pafupi kwambiri ndi ngozi yomweyi.

Kwa amene muli ndi bungwe, sukulu kapena bizinesi yokhala ndi domeni yake, funso loyamba si la seva ayi. Funsani kuti domeniyo inalembetsedwa m'dzina la ndani, ndipo ndalama yake ya pachaka imatha liti. Nthawi zambiri mupeza kuti analembetsa ndi mnyamata amene anakonza webusaiti kalekale, pa imelo yake, ndipo anachoka. Tsiku lolipira likadutsa, mizere ya MX imazimirira limodzi ndi domeni, ndipo wina akaigula, makalata anu onse amayamba kufikira kwa iye. Dzina la bungwe ndilo liyenera kukhala pa kaundula, ndipo anthu awiri azidziwa kalowedwe kake.

Kalata ikabwerera, musaifufute mwamantha poona Chingerezi chake chovutacho. Fufuzani nambala ya manambala atatu ndi dzina la seva imene yakana. Ngati ili 550 ndi mawu onena kuti munthuyo sakudziwika, yang'anani kalembedwe ka adiresi. Ngati ikutchula SPF, DKIM kapena DMARC, vuto lili pa domeni yanu, osati ya wolandira. Ngati kalata yafika koma mochedwa, tsegulani mutu wake wonse wobisika, umene pa Chingerezi amati headers, muwerenge mizere imene ikuyamba ndi mawu akuti Received kuchokera pansi kupita m'mwamba. Seva iliyonse imene yanyamula kalatayo imalembapo dzina lake ndi nthawi, choncho pamene pali mpata wa maola ndi pomwe inagona. Mukamapita kwa wa makompyuta wa ku ofesi kwanu, mutumizireni kalata yobwererayo yonse monga cholumikizira, osati chithunzi cha pa foni chodula mizere ya pansi.