Anyani m'munda ndi pankhokwe: tetezani ana ndi chakudya chanu

Chimanga chikayamba kukhwima kumapiri a Angónia, Tsangano ndi Macanga, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anyani ndi apusi amatsikira m'minda. Tonse timalira ndi zokolola, koma nkhani ya matenda amene nyamazi zingatipatsire sikambidwa mokwanira.

Thupi la nyani ndi loti adye zimene ife timadya. Nyani wamkulu ali ndi mano 32, chimodzimodzi munthu wamkulu, ndipo chifu chake sichisiyana kwenikweni ndi chathu. N'chifukwa chake sasankha: dowe, mtedza, mbatata, malambe, masau, mazira, ziwala, ngakhale kamwana ka mbuzi, zonse zimalowa. Zala zake zimafukula pansi, kusenda chimanga ndi kuvundukula mphika. M'masaya mwake muli timatumba momwe amaunjikamo chakudya mofulumira, n'kukatafunira kutali. Anzake ena sali choncho. Anyani otchedwa colobus, a m'nkhalango za ku Congo ndi Tanzania, amadalira masamba, ndipo chifu chawo chili ndi zigawo ngati cha ng'ombe. Changa naye amakhala m'mitengo, kupala utomoni ndi mano ake akutsogolo ndi kugwira tizilombo usiku. Amene amatipeza pakhomo ndi nyani ndi pusi, ndipo pomwe tikulimbirana chakudya ndi pomwe matenda amadutsira.

Choopsa kwambiri n'kulumidwa. Mano osongoka a nyani wamphongo amatha kufika masentimita 5, ndipo bala lake limalowa mkati. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15. Mphindi 15 zimaoneka zambiri, makamaka mwana akamalira, koma chonde musafupikitse. Musathirepo dothi, phulusa kapena mankhwala azitsamba. Mukatsuka balalo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likuoneka laling'ono, akaone za katemera wa chiwewe ndi wa kafumbata. Chiwewe chikangoonetsa zizindikiro, pafupifupi aliyense amamwalira. Chimene chimapulumutsa ndi katemera wolandiridwa msanga.

Agalu amene timathamangitsira anyani abayidwe katemera wa chiwewe. Mwa anthu 100 odwala matendawa, mpaka 99 amawatenga kwa galu.

Ndowe za anyani zimakhala ndi mazira a njoka zam'mimba ndi tizilombo toyambitsa kutsekula m'mimba, ndipo anyani amathanso kukhala ndi likodzo la m'matumbo. Masau, mfutso ndi mphale musayanike pansi popanda woyang'anira. Chipatso chimene nyani waluma n'kusiya, chitayeni. Madzi apachitsime chosavundikira kapena apamtsinje pomwe anyani amamwa, aphitseni kapena kuthiramo mankhwala a klorini. Zotsala za chakudya zikwirireni, chifukwa nyani akazolowera dzala la pakhomo amasiya kuopa anthu.

Amayi ndi abambo, tikupempha kuti ana aang'ono asamalondere munda okha. Anyani sawaopa ana monga amaopera akuluakulu, ndipo mwana wogwira chakudya m'manja ndi amene amayamba kumulondola. Auzeni kuti nyani akayandikira aponye pansi chimene agwira, abwerere m'mbuyo pang'onopang'ono, aitane wamkulu. Asagwire mwana wa nyani, kapena kumuweta.

Nyani kapena pusi amene mwamupeza atafa musamusende, musamudye. Magazi ake akakhudza bala la padzanja, tsukani monga tafotokozera ndipo dziwitsani a zaumoyo a m'dera lanu.